Mutu 9: Chipata Chinasamuka

Amene anakulira ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu kapena ku Dedza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 amawakumbukira malole a thandizo. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo itafika povuta ku Mozambique, anthu anawolokera ku Malawi mitolo ili pamutu, ana ali kumsana, mpaka chiwerengero chawo chinadutsa miliyoni imodzi. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamene malire a mayiko awiriwa amatsata msewu wa tala, kuthawa nkhondo kunali kungodumpha msewu. Ku Nsanje alendowo anachuluka kuposa eni dera. Kuti khamu lonseli lidye, pankafunika zinthu zooneka ndi maso ndiponso zogwirika ndi manja: lole yodzaza matumba, kalaliki wokhala patebulo ndi buku la mayina, ndi kakhadi kolandirira chakudya kamene banja lililonse linkakasamala kuposa ndalama.

Ntchitoyo inali yaikulu, komabe inali ndi popumira, chifukwa anjalawo anali atatuluka kale m'nkhondo. Lole inkanyamuka ku nkhokwe n'kukafika kumsasa popanda woitchera mfuti. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo. M'mutu uno tikamba za ntchito yolemera kuposa imeneyo, ya kufikitsa chakudya ndi mankhwala kwa anthu amene akadali pakati pa mfuti, ndiponso za mmene mafoni, makompyuta ndi masatelayiti asinthira ntchitoyi.

Mtengo wopingasa pamsewu

M'dziko la nkhondo mwini msewu ndi amene wapingasapo mtengo. Migolo iwiri, chipika pakati, mnyamata wa mfuti pambali, basi chipata chakwana. Lole ya thandizo ikafika pamenepo, mnyamatayo angafune matumba khumi, angafune ndalama, angafune lole yonse. Nthawi zina safuna kanthu koma kuti chakudya chisadutse, popeza akuluakulu ake aona kuti njala imagonjetsa mzinda mosawononga zipolopolo. Mchitidwe umenewu unakula kwambiri moti mu Meyi 2018 nthambi ya chitetezo ya United Nations inagwirizana chigamulo cha nambala 2417, chodzudzula kugwiritsa ntchito njala ngati chida cha nkhondo.

Msewu ukatsekeka, maganizo amathamangira kumwamba. Mzinda wa Deir ez-Zor ku Syria utazingidwa ndi gulu la Islamic State, bungwe la World Food Programme linkaponya chakudya pa maparachuti kuchokera m'ndege zouluka m'mwamba kwambiri kuti mizinga isazifike. Ulendo woyamba, mu Febuluwale 2016, katundu wambiri anatengedwa ndi mphepo kapena kuwonongeka. Akatswiri anakonza zolakwikazo, ndipo pofika mu 2017 ndegezo zinali zitapita maulendo oposa 300. Anthu anapulumuka, koma thumba lopita pa ndege limadya ndalama zimene zikanagula matumba angapo opita pa lole.

Nanga madroni? Malawi imawadziwa, pakuti mu 2017 boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula ku Kasungu malo oyeserapo tindege timeneti pa ntchito zothandiza anthu, ndipo ku Rwanda timanyamula magazi kupita kuzipatala kuyambira 2016. Kumeneko ndi kumtendere. Kunkhondo kulira kwa droni ndi uthenga wa imfa. Mayi akaimva amagwira mwana n'kuthawira kudzenje, msilikali akaiona amawombera. N'chifukwa chake zipangizo zimene zasintha kwambiri thandizo la m'nkhondo ndi zosaoneka m'maso, zoyenda pa netiweki. Zapulumutsa miyoyo yochuluka. Koma tikaziyang'anitsitsa tiona kuti chipata chija chilipobe, chinangochoka pamsewu n'kukamangidwa pena.

Somalia: msika sunatseke

Pa 20 Julaye 2011 bungwe la United Nations linalengeza kuti kummwera kwa Somalia kwagwa njala yakupha. Mvula inali itakana nyengo ziwiri zotsatizana, ziweto zinatha, mtengo wa mapira unakwera. Madera ambiri okhudzidwa anali m'manja mwa gulu la al-Shabaab, limene mu 2010 linali litaletsa World Food Programme kugwira ntchito kumeneko. Malamulo a mayiko olemera, oletsa kuti thandizo lisagwere m'manja mwa zigawenga, nawonso anachititsa mabungwe kuzengereza. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake anapeza kuti anthu pafupifupi 258,000 anafa, ndipo theka la iwo anali ana osakwana zaka zisanu.

M'kati mwa tsokali, amene ankalidziwa bwino dzikolo anaona chinthu chimodzi chimene ena sanachione: misika inali yotsegula. Amalonda a Chisomali ankadutsabe ndi mpunga, shuga ndi mafuta kuchokera kumadoko, chifukwa wamalonda amadziwana ndi wapachipata, amalankhula chinenero chake, amadziwa fuko lake. Chakudya chinalipo, chimene anthu analibe ndi chogulira. Choncho mabungwe anayamba kutumiza ndalama kudzera m'njira yakale ya amalonda yotchedwa hawala. Munthu amapereka ndalama kwa wamalonda wa ku Nairobi, wamalondayo n'kuuza mnzake wa ku Baidoa kuti apereke zofanana nazo kwa wakutiwakuti, ndipo awiriwo amadzawerengerana okha pambuyo pake. Ndalama yeniyeniyo siyenda pamsewu, chimene chimayenda ndi mawu ndi kukhulupirirana. Anthu oposa miliyoni imodzi anathandizidwa ndi ndalama ndi makuponi, ngakhale kuti kwa ambiri thandizolo linafika mochedwa.

Chilala chitabweranso mu 2017, phunziro linali litalowa. Tsopano ndalama zinkapita pa foni, makamaka pa EVC Plus ya kampani ya Hormuud. Amene anatumizapo ndalama kumudzi pa Mpamba kapena pa Airtel Money akudziwa mmene zimayendera. Kafoni ka mabatani kamalira m'kansalu, mayi amapita kwa wogulitsa mpunga, amadina manambala, malonda atha. Palibe mzere wautali padzuwa umene ungakope akuba kapena bomba. Mayiyo amasankha yekha ngati lero agula ufa, mankhwala a mwana kapena madzi, ndipo wamalonda wa m'deralo amapeza chifukwa chobwereranso ndi katundu wina. Chaka chimenecho anthu anavutika kwambiri, koma njala ya mu 2011 sinabwerezeke.

Njirayi ili ndi malire ake. Msika ukakhala wopanda kanthu, ndalama zimangokweza mitengo. M'mabanja ambiri foni imakhala m'thumba la bambo. Wosadziwa kuwerenga amauza mnzake nambala yake yachinsinsi. Ndipo m'misasa ya ku Mogadishu muli anthu amene amalamulira malo pamene othawa nkhondo amanga zisakasa zawo, amene amadula gawo lawo thandizo likangolowa. Wapachipata anangochoka pamsewu n'kukaima pakhomo la chisakasa.

Jordan: kugula ndi diso

Msasa wa Zaatari, kumpoto kwa Jordan, unatsegulidwa mu Julaye 2012 kuti ulandire othawa nkhondo ya ku Syria, ndipo unakula n'kukhala ngati mzinda wa anthu pafupifupi 80,000. Wa Azraq unatsatira mu 2014. Kuyambira 2016, munthu wa m'misasa imeneyi akalowa m'sitolo yaikulu ya mumsasa amatola mpunga, mazira, mafuta ndi tomato, n'kupita kwa wolandira ndalama. Satulutsa ndalama kapena khadi. Amangoweramira kamakina kokhala ndi kamera, kamakinako n'kuwerenga timizere ta m'diso lake, tozungulira kamwana ka diso, timene timasiyana munthu ndi munthu monga zidindo za zala. Pa masekondi ochepa kompyuta imamupeza m'kaundula wa bungwe la UNHCR, imachotsera mtengo wa katunduyo pa gawo lake la mwezi, lisiti n'kutuluka.

Mu 2017 World Food Programme inawonjezerapo njira yosungira maakaunti yotchedwa blockchain, pa ntchito imene anaitcha Building Blocks. Tiyerekeze ndi buku la banki mkhonde limene membala aliyense ali ndi kope lake, ndipo mzere uliwonse wolembedwa umaonekera m'makope onse nthawi imodzi, moti palibe amene angafufute yekha usiku. Ku Jordan ntchitoyi inayamba ndi anthu 10,000 ku Azraq, kenako inafikira anthu oposa 100,000. Ndalama zimene zinkapita ku mabanki monga malipiro a utumiki zinatsika kwambiri, ndipo mabungwe anatha kuona ngati banja limodzi lalembedwa kawiri pamene lina latsala.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Khadi limatayika, limabedwa, limagulitsidwa, limapsa ndi nyumba. Diso munthu amayenda nalo. Mayina a anthu ongopeka, amene akuba amawalowetsa m'kaundula kuti azilandira matumba, sangayang'ane m'kamera. Koma walira mvula walira matope.

Mndandanda wa mayina

Kulemba mayina a anthu ovutika ndi ntchito yachifundo yakalekale. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, bungwe la International Committee of the Red Cross linatsegula ofesi ku Geneva yolemba mayina a akaidi a nkhondo pa timakhadi, kuti mayi wofunafuna mwana wake adziwe ngati ali moyo. Timakhadito tinachuluka kufika mamiliyoni, ndipo tikusungidwabe mumzindawo. Ntchito yolumikizanitsa mabanja ikupitirira mpaka lero, koma mayina ali m'makompyuta. Mu Januwale 2022 bungwelo linalengeza kuti anthu osadziwika athyola makompyuta osungira zinthu zimenezi n'kufikira mbiri za anthu oposa 515,000, amene ena mwa iwo anali osowa, akaidi ndi olekana ndi abale awo. Kuba timakhadi ta ku Geneva kukanafuna malole. Kuba za m'kompyuta sikunafune ngakhale kuthyola loko.

Afrika imadziwa zimene kaundula angachite akagwera m'manja oipa. Ku Rwanda, ziphaso zimene zinkasonyeza mtundu wa munthu, zoyambitsidwa mu ulamuliro wa Belgium m'zaka za m'ma 1930, ndi zimene opha anthu ankafunsa pazipata mu 1994. Chaka chomwecho msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa kulandira othawa kuchokera kuchigawo chimenecho.

Nkhawa yomweyi inadzuka ku Bangladesh. Arohingya oposa 700,000 anathawira kumeneko kuchokera ku Myanmar kuyambira mu Ogasiti 2017, ndipo analembedwa m'kaundula ndi zithunzi, zidindo za zala ndi maso. Mu Juni 2021 bungwe la Human Rights Watch linanena kuti boma la Bangladesh linapereka ku boma la Myanmar mayina osachepera 830,000 pokonzekera zobweza anthuwo kwawo, ndipo ambiri mwa amene bungwelo linawafunsa sankadziwa kuti mbiri zawo zipita kwa amene anawathamangitsa. UNHCR inayankha kuti anthuwo anafunsidwa ndipo anavomera. Apa ndi pamene pali funso lolemera kwambiri m'nkhani yonseyi. Munthu amene ana ake agona ndi njala, akauzidwa kuti ayang'ane m'kamera kuti alandire chakudya, kodi kuvomera kwake n'kuvomera? Nambala yachinsinsi ikadziwika, munthu amaisintha. Diso sangalisinthe mpaka kumanda.

Ku Yemen mkangano wa kaundula unafika poimitsa chakudya. World Food Programme inkanena kuti thandizo likupatutsidwa m'madera a gulu la Houthi, ndipo inafuna kuti olandira alembedwe ndi zidindo za zala. Akuluakulu a gululo anakana, ponena kuti mbiri za anthu awo zisasungidwe ndi alendo. Mu Juni 2019 bungwelo linaimitsa gawo la thandizo mumzinda wa Sana'a, zimene zinakhudza anthu pafupifupi 850,000, mpaka mbali ziwirizo zinagwirizana mu Ogasiti. Onse ankadziwa kuti wogwira mndandanda ndiye wagwira chipata. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Pali mndandanda winanso, wa malo. Mabungwe amapereka kwa ankhondo manambala a GPS osonyeza pamene pali chipatala kapena pamene magalimoto awo adutse, kuti asawomberedwe. Bungwe la Médecins Sans Frontières linachita zimenezi ku Kunduz, ku Afghanistan, komabe pa 3 Okutobala 2015 ndege ya asilikali a America inaphulitsa chipatala chake n'kupha anthu 42. Pa 1 Epulo 2024 antchito asanu ndi awiri a bungwe la World Central Kitchen anaphedwa ku Gaza ndi asilikali a Israel, ngakhale kuti ulendo wawo unali utadziwitsidwa. Maboma onse awiri anati kunali kulakwitsa. Manambala angakhale olondola bwanji, amene amateteza chipatala ndi munthu amene chala chake chili pa batani.

Sudan: poto ndi netiweki

Nkhondo imene inabuka ku Sudan pa 15 Epulo 2023, pakati pa asilikali a boma ndi gulu la Rapid Support Forces, inathamangitsa anthu oposa 10 miliyoni m'nyumba zawo. Mabungwe akunja anachotsa antchito awo ambiri ku Khartoum, nkhokwe zawo zinafunkhidwa, mabanki anatsekedwa. Amene anatsala ndi achinyamata a m'madera momwemo. Ambiri anali ataphunzira kugwirira ntchito limodzi m'makomiti a zionetsero zimene zinagwetsa pulezidenti Omar al-Bashir mu 2019, ndipo tsopano anadzisonkhanitsa m'magulu otchedwa Emergency Response Rooms. Iwo amati ntchito yawo ndi nafeer, mwambo wakale wa ku Sudan woitana anansi kudzathandiza kukolola kapena kumanga nyumba. Mchewa akamva zimenezi amakumbukira dima.

Pakati pa ntchito yawo pali makhitchini a m'dera, amene amawatcha takaya. Mbandakucha moto umayatsidwa pansi pa mapoto akuluakulu m'bwalo la sukulu kapena la mzikiti. Mumalowa nyemba, mphodza kapena mpunga, malinga ndi zimene zapezeka. Panja pamandandalikidwa mapoto ang'onoang'ono ndi mabakuli, chilichonse chikuimira banja. Kwa ambiri, chimene chilowe m'bakulimo ndi chakudya chokhacho cha tsikulo.

Ndalama zogulira nyembazo zimachokera kutali. Mwana wa m'deralo amene akugwira ntchito ku Riyadh, ku Cairo kapena ku London amaona pempho pa WhatsApp kapena pa Facebook, n'kutumiza kangachepe. Ndalamazo zimafika pa Bankak, pulogalamu ya pa foni ya Bank of Khartoum. Mnyamata wa pakhitchini amapita kwa wamalonda, amamutumizira pa foni pomwepo, wamalondayo akaona uthenga amatsitsa thumba. Palibe mtolo wa ndalama umene msilikali angaupeze m'thumba pachipata. Mabungwe akunja nawonso anayamba kudutsitsa thandizo lawo m'njira yomweyi.

Ndiyeno mu Febuluwale 2024 netiweki inazima. Makampani onse atatu akuluakulu, Zain, MTN ndi Sudani, analeka kugwira ntchito m'madera ambiri, ndipo ambiri analoza chala Rapid Support Forces, imene inali ndi malo a makina a makampaniwo ku Khartoum. Palibe msewu umene unatsekedwa tsikulo, komabe makhitchini ambiri anazimitsa moto, chifukwa ndalama zinali m'foni ndipo foni inali itasanduka chidutswa cha pulasitiki. Dera la Tigray ku Ethiopia linali litaona zofananazo kuyambira mu Novembala 2020, pamene mafoni, intaneti ndi mabanki zinatsekedwa kwa zaka pafupifupi ziwiri.

Chimene chinatsegulako kanjira ku Sudan ndi timbale ta Starlink, tolandira intaneti kuchokera ku satelayiti, timene tinalowa m'dzikomo mozembetsa kudzera m'mayiko oyandikana nalo. Anthu ankayenda mitunda kukafika pamalo pamene kambale kali, n'kulipira pa ola kuti alandire ndalama ndi kuuza abale kuti akadali moyo. M'madera ambiri timbaleto tinali m'manja mwa ankhondo omwewo. Mnyamata wofuna kudyetsa dera lake ankayamba walipira munthu wa mfuti kuti alowe pa intaneti. Ena mwa achinyamatawa anamangidwa, ena anaphedwa, mbali iliyonse ikuwaganizira kuti ndi akazitape a inzake. Mu Ogasiti 2024 akatswiri anatsimikiza kuti mumsasa wa Zamzam ku Darfur mwagwa njala yakupha. Ndipo kuchiyambi kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, makhitchini mazanamazana anatsekedwa. Ulendo uno netiweki inalipo, koma munalibe choyendamo.

Wagwira chipata ndani?

Palibe amene angalakelake kubwerera ku buku la kalaliki ndi kakhadi kokha. Mayi wa ku Baidoa amene anagula mpunga ndi kafoni ka mabatani, ndi banja la ku Khartoum limene bakuli lake linadzaza chifukwa cha uthenga wochokera ku Riyadh, ndi umboni wokwanira. Chofunika n'chakuti pa chipangizo chilichonse chatsopano tizifunsa kumene chipata chasamukira. Ndani angazimitse netiweki, ndipo ikazima anthu adya chiyani mawa lake? Mayina akusungidwa ndi ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo boma likasintha adzagwera m'manja mwa yani? Nanga gogo wopanda foni, kapena amene wakana kuyang'ana m'kamera, ali ndi khomo lina lolowera? Mafunso amenewa si a ku Sudan ndi ku Jordan kokha. Ku Dzaleka kuli anthu oposa 50,000 amene mayina awo ali m'kaundula, ndipo ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, mfuti zakhala zikulira kuyambira 2017. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamulo la nkhondo, lolembedwa m'mapangano a ku Geneva a 1949 ndi zowonjezera zake za 1977, limati anthu wamba asaphedwe ndi njala ndipo thandizo lawo lisatsekerezedwe. Amene analemba mawuwo ankaganiza za misewu, madoko ndi njanji. Lero nsanja ya netiweki ndi msewu, kaundula wa m'kompyuta ndi nkhokwe, ndipo ziyenera kutetezedwa monga zimatetezedwera zinazo. Koma ngakhale zonsezi zitatetezedwa, foni siphika. Ndalama zikadutsa nyanja ndi chipululu n'kufika m'kafoni ka mnyamata wa ku Khartoum, pamafunikabe munthu wosenza thumba, wowaza nkhuni, wodziwa kuti m'nyumba yachitatu muli nkhalamba imene singathe kubweretsa bakuli lake. Thandizo lililonse lopita kunkhondo, kaya liyende pa lole kaya pa satelayiti, limathera m'manja mwa munthu ameneyo, ndipo amene akufuna kuthandiza ayambe wamufunsa iyeyo chimene chikusoweka.